Mayi amene anaphunzira uphunzitsi koma kalasi yawo inakakhala TV

Kwathu kuli kamdzukulu ka achemwali anga, zaka 3 basi, kuyankhula sikanayambe bwinobwino koma nyimbo yotsatsa ma bando a foni ija imabwerabwera pa TV kamaimba yonse osaphonya olo pamodzi, mpaka timawu tothamanga ta kumapeto tija. Ukati kawerenge 1 mpaka 5 kamafika pa 3 kenako nkudumphira pa 7. Palibe anakakhazika pansi kuti kaloweze nyimboyo, kanangoimva kambirimbiri basi inalowa yokha. Ndiye ndikamakamva kakuimba ndimakumbukira mayi wina wa ku America, Joan Ganz Cooney, chifukwa ntchito ya moyo wawo wonse inayambira pa kanthu komweka. Iwo anaona kuti ana a ku America akuimba nyimbo zotsatsa mowa za pa TV mwa ntchito zedi, nkudzifunsa kuti ngati TV ikutha kulowetsa nyimbo ya mowa mmutu mwa mwana, ingalephere bwanji kulowetsa A, B, C.

Dzina lawo mwina simunalimvepo koma Sesame Street ambiri mukuidziwa, ija ya zidole, chimbalame chachikasu chachitali chija, Elmo wofiira uja, ndipo amene munakhalako ku Joni mukudziwa Takalani Sesame. Amene anayambitsa zonsezi ndi mayi amenewa pamodzi ndi bambo wina dzina lake Lloyd Morrisett. Kusadziwikako sikodabwitsa, pulodyusa saoneka pa sikilini. Anthu ambiri amaganiza kuti pulodyusa ndi amene amagwira kamera kapena amene amakuwa uja kuti yambani, ayi. Pulodyusa ndi amene amabwera ndi ganizo, nkusaka ndalama, nkusankha anthu olemba ndi ojambula, nkumaonetsetsa kuti anthu amenewa asamenyane pulogalamu isanathe, ndipo zikalakwika ndi iyeyo amene amakayankha kwa eni ndalama.

Mayi Cooney anabadwa pa 30 Novembala 1929 ku Phoenix, m'chigawo cha Arizona, m'banja lopezako bwino, bambo awo ankagwira ntchito ya ku banki ndipo agogo awo anakhalapo meya wa mzindawo. Ali mtsikana ankafuna kukhala wa zisudzo koma bambo awo anakana, ndiye anakachita maphunziro a uphunzitsi ku University of Arizona nkutenga digiri mu 1951, poti nthawi imeneyo mtsikana wa banja lolemekezeka njira zake zinali zochepa. Koma choko sanagwire kwenikweni. Anakagwirako ntchito ya mu ofesi ku Washington, nkubwerera kwawo kukakhala mtolankhani pa nyuzi ya Arizona Republic, kenako nkusamukira ku New York komwe kwa zaka pafupifupi 10 ankagwira ntchito yofalitsa mbiri ya mapulogalamu a ena, ku makampani a wailesi ndi TV a RCA ndi NBC, kenako pulogalamu ya masewero ina ya pa TV ya CBS.

Zinthu zinasintha mu 1962 pamene ku New York kunatsegulidwa siteshoni ya TV ya maphunziro, WNDT, imene anthu ankangoiti Channel 13. Mayiwa anapita kukafunsira ntchito yomwe ankaidziwa ija ya zofalitsa, abwana nkuwauza kuti malo amenewo palibe, tikufuna ma pulodyusa. Iwo anati basi ndipanga zimenezo, chonsecho anali asanapangepo pulogalamu olo imodzi. Malipiro anatsika kuchoka pa madola 12,000 pa chaka kufika pa 9,000 koma anavomera. Kumeneko anayamba kupanga mapulogalamu a zokambirana ndi ma dokyumentale, ambiri okhudza umphawi, ndipo imodzi inali ya ana a ku Harlem, dera la ku New York lokhala anthu akuda ambiri osauka, amene ankaphunzitsidwa asanayambe sukulu. Apa mpomwe anaona ndi maso awo chinthu chimene akatswiri ankanena, choti mwana wa kosauka amafika tsiku loyamba la sukulu atatsalira kale, mnzake wa kolemera akudziwa zilembo, akudziwa manambala, wamva mawu ambirimbiri, ndipo mpata umenewo mmalo motsekeka umangokulirakulira chaka ndi chaka.

Mvetsetsani nthawi yake. Zaka zimenezo America inali pa mkangano waukulu wa ufulu wa anthu akuda, boma la Lyndon Johnson linali litalengeza zolimbana ndi umphawi, ndipo mu 1965 linayambitsa Head Start, sukulu za mkaka za ana osauka. Koma sukulu za mkaka zimadya ndalama, pamafunika nyumba, aphunzitsi, chakudya, ndiye ana ofikiridwa anali ochepa poyerekeza ndi amene ankafunika thandizo. Pomwe TV inali kale m'nyumba zoposa 90 pa 100 zilizonse, ngakhale za osauka, ndipo ana ankakhala pamaso pake maola ambiri tsiku lililonse akuonera makatuni omenyana ndi malonda a switi.

Ndiye kumayambiriro kwa 1966 mayi Cooney ndi amuna awo a Tim Cooney anaitana anzawo ochepa kudzadya chakudya chamadzulo kunyumba kwawo. Mmodzi mwa alendowo anali Morrisett, katswiri wa za maganizo amene anali mmodzi wa akuluakulu ku Carnegie Corporation, bungwe lopereka ndalama zothandizira maphunziro. Bamboyu anali ndi kanthu kamene kankamuzunguza mutu. Tsiku lina mmamawa kwambiri anapeza mwana wake wamkazi wa zaka 3 wadzuka yekha, wayatsa TV, wakhala pansi akuyang'anitsitsa chithunzi chosayenda chija ankaika siteshoni isanatsegule, kudikira makatuni. Chinthu chopanda nkhani, chopanda munthu, mwana ali duu kuchiyang'ana. Ndiye patebulopo anafunsa ngati TV ingathe kuphunzitsa ana chinachake. Mayi Cooney anayankha kuti sakudziwa koma akufuna atakambirana.

Carnegie inawapatsa ndalama zoyendera, anazungulira America ndi Canada kwa miyezi ingapo akucheza ndi aphunzitsi, akatswiri a kakulidwe ka ana ndi anthu a TV, nkulemba lipoti la masamba 55. Mfundo yake inali yosavuta kumva koma yovuta kuichita, pulogalamuyo ikhale yokoma ngati malonda, yothamanga, ya nyimbo, yoseketsa, moti mwana aisankhe yekha pakati pa makatuni popanda womukakamiza, komanso ikhale yoseketsa kwa makolo kuti asasinthe tchanelo. Abwana a ku Channel 13 sanachite nazo chidwi, mayiwa anasiya ntchito nkukagwira ndi Carnegie.

Kusaka ndalama kunatenga pafupifupi zaka ziwiri. Pomaliza anasonkhanitsa madola pafupifupi 8 miliyoni, theka lake kuchokera ku ofesi ya maphunziro ya boma, zina ku Carnegie, ku Ford Foundation ndi ku Corporation for Public Broadcasting, bungwe lothandiza ndi ndalama ma wailesi ndi ma TV osachita malonda. Ndalama zitaoneka mpamene ena anayamba kufunsa kuti kodi mzimayi ameneyu angayendetse chinthu chachikulu chonchi, sanatsogolerepo bungwe, bwanji tipeze bambo akhale pamwamba iye akhale wachiwiri. Nkhani yakale iyi, ganizo ndi lako, lipoti walemba ndiwe, koma mpando akufuna apatse wina. Anakana kukhala wachiwiri, ndipo mu 1968 anakhala mkulu wa bungwe latsopano la Children's Television Workshop, mmodzi mwa azimayi oyamba kukhala ndi udindo wotere pa TV ya ku America.

Tsopano apa ndi pamene ine ndimaona kuti panagona luso lawo lenileni, ndipo ndi gawo limene anthu amalidumpha akamakamba za Sesame Street poti zidole zimaba maso. Mayiwa sankalemba nyimbo, sankasewera zidole, sanalinso pulofesa. Chimene anachita nkutenga magulu awiri amene sankagwirizana nkuwatsekera mchipinda chimodzi. Anthu a TV ankaona aphunzitsi ngati anthu otopetsa amene akhoza kupha nthabwala iliyonse, aphunzitsi ndi akatswiri nawo ankaona anthu a TV ngati ogulitsa switi opanda manyazi. Mayi Cooney anatenga Gerald Lesser, pulofesa wa ku Harvard, kuti atsogolere za maphunziro, nkutenga David Connell, Jon Stone ndi Sam Gibbon amene anali atagwirapo pulogalamu ya ana yotchuka ya Captain Kangaroo. Mu 1968 anachititsa misonkhano isanu ya masiku atatuatatu kuti agwirizane kuti kwenikweni mwana wa zaka 3 mpaka 5 aphunzire chiyani. Sanangoti aphunzire zilembo ayi, analemba zolinga zoti munthu ungathe kuziyesa, monga mwana akaona chilembo atchule dzina lake, akaona zinthu zinayi adziwe chimene chasiyana ndi zinzake. Olemba masewero anapatsidwa buku lofotokoza cholinga chilichonse m'chinenero chawo, kuti wolemba nthabwala adziwe kuti nthabwala yake ikuyenera kunyamula katundu wanji.

Pa umodzi mwa misonkhano imeneyi panalowa bambo wina wandevu, tsitsi lalitali, zovala zachikopa, nkukakhala kumbuyo phee. Mayi Cooney anafotokozapo kuti anachita mantha poganiza kuti ndi mmodzi wa anyamata oukira boma a nthawi imeneyo ndipo mwina aponya bomba. Anawauza kuti ayi, ameneyo ndi Jim Henson, mwini zidole za Muppets.

Kenako panali Edward Palmer, wa kafukufuku, amene anabwera ndi kachipangizo kondisangalatsa kwambiri. Ankatenga mwana nkumukhazika pamaso pa TV yoonetsa gawo la pulogalamu, koma pambali pake nkuika sikilini ina yoonetsa zithunzi zokopa zimene zinkasintha pakangopita masekondi ochepa, osafika 10. Munthu wamkulu amakhala pambali ndi pepala akulemba nthawi iliyonse imene maso a mwana achoka pa TV kupita ku zithunzi. Akatero ndi ana ambiri amakhala ndi chithunzi cha pulogalamu yonse, apa ana amayang'ana, apa anatopa, apa anabwerera. Mwana sanama pa zimenezi, sangakuuze kuti zinali bwino pofuna kukusangalatsa ngati mmene timachitira akuluakulufe, akatopa amangotembenuka basi. Gawo limene lataya ana ankalikonzanso kapena kulitaya, olo atakhala kuti wolemba wake amalikonda bwanji.

Kuyesaku ndi kumene kunapulumutsa pulogalamuyi. Akatswiri anali atalangiza kuti zidole zisamayankhulane ndi anthu enieni, eti ana asokonezeka osadziwa chenicheni ndi chongopeka. Ndiye anajambula magawo oyeserera motero, anthu paokha mu msewu, zidole pazokha, nkukaonetsa ana ku Philadelphia mu Julayi 1969. Zidole zikabwera ana ali maso tong'o, akangobwera akuluakulu kumayankhulana mu msewu muja ana onse atembenuka. Kunali kutatsala miyezi yochepa kuti pulogalamu iyambe. Anaganiza zonyalanyaza langizo la akatswiri, Henson nkupanga zidole zoti zizikhala mu msewu momwemo ndi anthu, ndiye kubwera kwa Big Bird, chimbalame chija chotalika pafupifupi mamita 2.5 koma maganizo a kamwana, ndi Oscar wokhala mu bini uja wosachedwa kukwiya. Onse awiri ankaseweredwa ndi munthu mmodzi, Caroll Spinney. Taonani apa, pulogalamu yomangidwa pa malangizo a akatswiri inakhala bwino chifukwa pa nthawi yoyenera anamvera maso a ana kuposa ma pulofesa.

Msewu wakenso anausankha dala. Mapulogalamu a ana a nthawi imeneyo ankachitikira m'malo a m'nthano, iwo anamanga msewu wa mtauni wooneka wotha, masitepe a pakhomo, mabini, kagolosale, kuti mwana wa ku Harlem aone kwawo. Anthu ake akuda ndi azungu kukhalira limodzi ngati aneba, ndipo banja lalikulu la mu msewumo, Gordon ndi Susan, linali la anthu akuda. Loretta Long amene ankasewera Susan anali mphunzitsi weniweni wa mkalasi. Malonda munalibe, mmalo mwake ankati pulogalamu ya lero yakufikirani mothandizidwa ndi chilembo chakuti ndi nambala yakuti, kutengera mmene makampani amanenera.

Inayamba kuonetsedwa pa 10 Novembala 1969, magawo 130 a ola limodzi mchaka choyamba, ndipo inagunda nthawi yomweyo. Koma si onse anaombera mmanja. Mu Meyi 1970 komiti ya boma la chigawo cha Mississippi inavota kuti isaonetsedwe kumeneko chifukwa ana akuda ndi azungu ankasewera limodzi, nkhani itatuluka m'manyuzi anachita manyazi nkusintha patangotha masiku 22. BBC ya ku Britain inakana kuigula, ati kaphunzitsidwe kake nkolamula mwana kwambiri. Anthu oyankhula Chisipanishi anadandaula kuti sakuonekamo, ndipo mu 1971 munalowa Maria ndi Luis. Azimayi omenyera ufulu anati bwanji Susan amangokhala pakhomo, anamusandutsa nesi. Aphunzitsi ena mpaka lero amati tizigawo tachidule tothamanga tija timazoloweza mwana kufuna kusangalatsidwa nthawi zonse, akafika mkalasi mphunzitsi wa choko amuona ngati wotopetsa.

Nanga ana anaphunziradi? Bungwe la Educational Testing Service linayesa ana oposa 900 chaka choyamba nkupeza kuti amene ankaonera kwambiri ndi amene anaphunzira kwambiri, osauka ndi olemera omwe. Koma apa pali kamsampha, ndipo ofufuza ena anakanena mu 1975. TV sisankha nyumba. Pulogalamu inapangidwira mwana wosauka koma wa kolemera nayenso akuonera, mwinanso kuposa, ali ndi mayi ake pambali akumufunsa mafunso. Ndiye onse akukwera inde, koma mpata uja cholinga chinali kuutseka sukutsekeka. Ine pamenepa ndimaona kuti odzudzulawo ananena zoona, ngakhale kuti mwana wosauka amene wadziwa zilembo wapindulabe olo mnzake atadziwa zambiri. Patapita zaka zambiri, mu 2015, akatswiri a zachuma awiri, Melissa Kearney ndi Phillip Levine, anagwiritsa ntchito mfundo yoti mu 1969 madera ena siginolo ya siteshoni yoonetsa pulogalamuyi inkagwira bwino pomwe ena inkavuta, nkupeza kuti ana a kumene inkagwira bwino sankatsalira kwambiri m'makalasi, makamaka anyamata ndi ana akuda.

Gawo limene limandikhudza ine ndi la 1983. Will Lee, mdala amene ankasewera Mr. Hooper mwini kagolosale kaja, anamwalira mu Disembala 1982. Njira yachidule inalipo, kunena kuti wasamuka kapena kuika munthu wina. Anasankha kuuza ana zoona, ndipo monga mwa chizolowezi chawo anayamba afunsa akatswiri kuti mwana wa zaka 4 amamva bwanji za imfa, akatswiriwo nkuwauza kuti musanene kuti anadwala nkupita kuchipatala basi, mwana aziopa chipatala. Mu gawolo Big Bird wajambula zithunzi za akuluakulu onse akugawa, chatsala cha Mr. Hooper, akumufunafuna. Amukumbutsa kuti paja anamwalira, iye nkunena kuti chabwino adzampatsa akabwera. Ndiye Susan akumuuza kuti sabweranso. Misozi ya osewerawo inali yeniyeni poti mnzawo analidi atapita. Analiwonetsa pa 24 Novembala 1983, tsiku la holide ya Thanksgiving, dala kuti makolo akhale ali pakhomo ana akamafunsa. Ife kuno mwana timangomuuza kuti agogo apita kutali, kumaliro timuthamangitsira kwa aneba, ndiye ndikaganiza za gawo limeneli sindidziwa kuti olondola ndani.

Mayiko ena atayamba kupempha, bungweli silinangotumiza matepi kuti awamasulire, linkagwira ndi anthu a dzikolo kupanga pulogalamu yawoyawo, zidole zawo, zolinga zawo. Brazil, Mexico ndi Germany ndi amene anayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Ku South Africa Takalani Sesame inayamba mu 2000, dzinalo ndi la Chivenda kutanthauza sangalalani, ndipo mu 2002 anabweretsa Kami, kachidole kakakazi ka zaka 5 kamene kali ndi kachilombo ka HIV ndipo mayi ake anamwalira ndi Edzi. Kumbukirani nthawi imeneyo mmene zinalili kuno kumwera kwa Africa, maliro sabata iliyonse, ma ARV asanafike kwa anthu wamba, munthu kuopa kumwera kapu imodzi ndi wodwala. Ndiye pa TV pakubwera kamwana kansangala, kathanzi, anzake akukakumbatira nkumasewera nako. Aphungu ena a ku America analemba kalata yochenjeza kuti chidole chotere chisaoneke pa TV yawo, pomwe UNICEF mu 2003 inasankha Kami kukhala kazembe wa ana. Tanzania nayo inadzakhala ndi Kilimani Sesame, Nigeria Sesame Square.

Mayi Cooney anatsogolera bungweli mpaka 1990, ndipo pa nthawiyo anatulutsanso The Electric Company mu 1971 yophunzitsa kuwerenga ana okulirapo, momwe munali Morgan Freeman asanatchuke, ndi 3-2-1 Contact ya sayansi mu 1980. Mu 1995 analandira Presidential Medal of Freedom. Koma ukaona zaka zawo zambiri pa mpando, nkhondo yaikulu inali ya ndalama. Thandizo la boma linayamba kuchepa m'zaka za m'ma 1970, ndiye anatembenukira ku ma layisensi, kulola makampani kupanga mabuku, zidole ndi zovala za Big Bird ndi anzake nkumalipira bungwe. Pulogalamu imene inabadwa pokana kugulitsa zinthu kwa ana inayamba kudya za zidole zogulitsa, mpaka mu 1996 makolo ku America ankakanganirana chidole cha Elmo m'mashopu. Ma DVD atasiya kuyenda malonda ana atasamukira pa YouTube ndi pa matabuleti, bungweli, lomwe kuyambira 2000 limatchedwa Sesame Workshop, linasaina mgwirizano ndi HBO mu 2015, tchanelo cholipira, magawo atsopano kumayamba kuoneka kumeneko, a pa PBS, TV yaulere imene inkaonetsa pulogalamuyi kuyambira kale, kudikira miyezi 9. Anthu anakwiya ndipo ndikuwamvetsa, pulogalamu ya mwana wa ku Harlem kuyamba kaye kwa amene makolo ake ali ndi ndalama ya sabusikilipishoni. Ena anati mwana wa zaka 3 sadziwa kuti gawo ili ndi la chaka chatha, chilembo B sichisasa.

Mgwirizano wa HBO utatha, mu 2025 analengeza wina ndi Netflix, ulendo uno magawo atsopano kutuluka tsiku limodzi ndi pa PBS. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya America inachotsa ndalama za Corporation for Public Broadcasting, limodzi mwa mabungwe aja anasonkha pa 8 miliyoni yoyamba ija, ndipo bungwelo linalengeza kuti likutseka.